Theka la Phazi ku Gaborone

Chingwe chathu chinali chachifupi, chosakwana ndi mkono womwe. Ndinachisoka ndekha kuchokera ku lamba wa chikwama chakale, n'kupinda nsonga zonse ziwiri kuti pakhale polowetsa zala. Nsonga imodzi inali yanga, inayo ya akulu anga a Imelda. Kwa zaka zinayi tinkathamanga titagwira chingwe chimenechi, iwo miyendo, ine maso, ngakhale kuti miyendo yanganso sindinkaisiya kunyumba. Poyamba anthu a ku Kabwata, kwathu mu Lusaka, ankatuluka ndi misuwachi kukamwa kudzationerera. Kenako anatopa nafe, tinangokhala ngati galimoto ya buledi imene imadutsa m'mawa uliwonse.

Ine ndine Annette. Ndimalongedza makatoni a sopo ku Heavy Industrial Area, ndipo amene amandidziwa adzakuuzani kuti ndine wamtima wapachala. Sindikana. Ndinakanganapo ndi makondakitala, akapitawo a kuntchito, ngakhale akatekisiti. Koma kwa a Imelda pakamwa panga panali ndi ntchito ina, yowauza zimene zili patsogolo pawo.

Iwo anali othamanga kuyambira kusukulu, ine ndinkangosewera netibolo. Maso awo anazima pang'onopang'ono ali ndi zaka 32, ngati nyali imene ikutha mafuta. Amuna awo anapirira chaka chimodzi, kenako anazindikira kuti ku Chelstone kuli mkazi amene amaona. Ndinakawatenga a Imelda ndi masutikesi awiri n'kubwera nawo kufulati yanga, yomwe kuti ufike umakwera masitepe 22.

Kuyenda ndi munthu wosaona kuli ndi mwambo wake. Iye amagwira chigongono chako, iwe umatsogola ndi theka la phazi. Pakakhala sitepe, khomo kapena ngalande, phazi lako ndilo limayamba, ndipo dzanja lake limamva mkono wako ukukwera kapena kutsika. Tsiku lina, miyezi yoyambirira ija, ndinaiwala. Tinali pafupi ndi City Market, ine ndili kalikiliki kukalipira woyendetsa wilibala amene anandigunda, ndipo a Imelda anagwera m'ngalande yosavundikira n'kung'ambika chibwano. Anawasoka. Sanandinene, koma ine ndinalira kuposa iwo, ndipo kuchokera tsiku limenelo thupi langa silinaiwalenso.

Amene anawabwezera kumsewu ndi a Wilbroad, mphunzitsi wawo wakale wa zothamanga, bambo wadazi amene amalankhula ngati aliyense ali kutsidya la mtsinje. Anabwera kunyumba n'kunena kuti anthu osaona amathamanga, bola papezeke wothamanga nawo pambali. Anayesa anyamata awiri a m'kalabu yawo. Wina ankachedwa kudzuka, winayo mkazi wake anadandaula. Ine ndinapsa mtima n'kunena kuti ndichita ndekha, osadziwa kuti ndikudzilembetsa zaka ziwiri za kusanza m'mphepete mwa msewu ndisanathe kufanana nawo liwiro.

Tinkanyamuka kukungoyera, kudutsa Burma Road kukwera ku Woodlands, n'kukazungulira ku Kabulonga kumene misewu ndi yosalala ndipo agalu amauwa kuseri kwa mipanda yamagetsi. Pothamanga simutsogolerana ngati poyenda. Mumakhala phewa ndi phewa, chingwe chili lende pakati panu, ndipo wotsogolera saloledwa kukoka. Lamulo lina ndi lakuti pamzere womaliza wosaonayo ndiye ayambe kudutsa. Wotsogolera akangoyamba ndiye, nthawi yonseyo imafufutidwa.

Chaka chatha bungwe loona za othamanga olumala linalengeza kuti pali malo amodzi a mayi wosaona ku mpikisano waukulu wa kutsidya kwa nyanja. Ankafuna munthu amene watha makilomita 42 pasanakwane maola atatu ndi mphindi 45, pa mpikisano woyezedwa bwino, wokhala ndi oyang'anira malamulo, mwezi wa Meyi usanathe. Wa kuno kwathu unali kutali m'tsogolo. Umene tikanaufikira pabasi unali wa ku Gaborone, ku Botswana. A Imelda anali ndi zaka 39 ndi bondo limene linkatupa likafuna, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwayi wina ngati umenewu sudzawapezanso.

Si ndege imene ankaifuna. Lamlungu lililonse kutchalitchi kwathu, pa mapemphero a odwala, dzina lawo linkawerengedwa pakati pa agogo a shuga ndi a sitiroko. Anthu ankachita zimenezi ndi mtima wabwino, koma iwo ankafinya dzanja langa mpaka kupweteka.

"Ine sinidwala, Annette," anandiuza tsiku lina tikutuluka. "Siniona chabe. Nifuna siku imozi bamvele zina yanga pa radio, osati pa list ya odwala."

Tsiku lonyamuka, a Wilbroad anatiperekeza kokwerera mabasi ku Intercity. Atatha kukweza zikwama anandikokera pambali.

"Annette, mvela. Pa line, iwe kumbuyo. Olo kansonga chabe ka nsapato yako kapite pasogolo, bazabachosa."

"Ba coach, mwaniuza kangati? Ndine mwana ine?"

"Nizakuuza futi mawa pa foni."

"Ninshi nizaizimya," ndinatero, ndipo a Imelda anaseka n'kunena kuti atisiye, kuyenda awiri si mantha.

Ulendowo unatitengera masiku awiri. Ine ndinakhala kuwindo, chifukwa windo kwa iwo ndi mphepo chabe, ndipo ndinagwira ntchito yanga. Ndinawauza za minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, za amayi ogulitsa nthochi ku Monze, za bambo wa mpando wakutsogolo amene ankagona kukamwa kuli yasa. Pa Kazungula ndinawafotokozera mmene mlatho umakhotera pamwamba pa madzi, iwo ati akumva kuti mphepo yasintha fungo. Tinagona pamalire, m'mawa mwake n'kukwera basi ina. Tisanafike ku Nata woyendetsa anachepetsa liwiro, anthu onse n'kuthamangira mbali imodzi.

"Nichani?" anafunsa a Imelda.

"Njovu, ba sisi. Pafupi na road."

"Zili zingati?"

"Five. Imozi ni kamwana, kakuyenda pansi pa mimba ya amai bake."

"Kaoneka bwanji?"

"Monga ba Wilbroad bakakalipa."

Anaseka mpaka misozi. Anandifunsa za makutu, za mtundu wa fumbi limene linali pamsana pawo, ngati zinatiyang'ana. Basi itapitirira anali akumwetulirabe, ndipo ndinadziwa kuti akuzionabe.

Mpikisano unali Lamlungu m'mawa, kukuzizira kouma kumene kumang'amba milomo. Msewu wa kumeneko ndi wathyathyathya, wopanda chitunda choti munthu n'kunamizira. Makilomita makumi atatu oyamba tinathamanga ngati tili ku Kabulonga. Ine ndinkangotchula zofunika: madzi kumanzere, munthu patsogolo, chitumbira cha pamsewu. Titadutsa makilomita 33 bondo lija linayamba, ndinamva pachingwe kuti phazi lawo lamanja likuchedwa kunyamuka. Ndinafunsa ngati tichepetse.

"Ukachepesa nizakumenya," anatero, mano ali gwa.

Sitinachepetse. Titakhota komaliza ndinaona wotchi yaikulu pamwamba pa chipata ikunena maola atatu ndi mphindi 40, ndipo ndinayamba kukuwa ngati wamisala kuti tafika, tafika. Anthu a m'mbali ataona chingwe anayamba kuwomba m'manja mwamphamvu. Ndinakumbuka mawu a a Wilbroad. Ndikulumbira kuti ndinawakumbuka, ndipo ndinayamba kale kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti iwo atsogole.

Pamzere womaliza amayala mphasa ya labala yophimba mawaya a makina owerengera nthawi. M'mphepete mwake munali mutapindika ndi mapazi a anthu amene anafika ife tisanafike, mutatukuka ngati chala chimodzi. Mutu wanga unkadziwa lamulo. Koma phazi langa lili ndi sukulu yake, ya zaka zisanu ndi chimodzi za masitepe 22 ndi ngalande za mu Lusaka. Maso anaona sitepe, phazi linatsogola, mkono unakwera kuti iwo amve. Zinachitika zokha, moti ineyo sindinadziwe n'komwe kuti ndachita kanthu.

A Imelda anadutsa n'kugwada pansi. Mtsikana wina anawaveka mendulo, monga amachitira ndi aliyense womaliza, ndipo anthu a chithandizo anawanyamula kupita nawo kutenti kuti akawaike madzi oundana pabondo. Ndikuwatsatira, mayi wina wovala chipewa cha oyang'anira malamulo anandigwira paphewa n'kundipempha mwaulemu kuti ndibwere kaye.

Anandionetsa chithunzi pa kakompyuta kam'manja. Panalibe chokangana. Nsapato yanga yabuluu inali italowa theka kutsidya la mzere, ya a Imelda idakali m'mwamba kumbuyo. Ndinakangana nawobe. Ndinawauza za mphasa yawo yopindikayo, za masiku awiri a pabasi, za chibwano chosokedwa. Chizungu chitandithera ndinapitiriza m'Chinyanja. Pomaliza ndinagwada, ine amene sindinagwadirepo kapitawo aliyense. Mayiyo anandidzutsa ndi manja awiri, maso ake ali ofiira, n'kunena kuti akumvetsa, koma chithunzicho chaonedwa ndi anthu atatu ndipo lamulo silisintha. Dzina la a Imelda lituluka lopanda nthawi.

Ndinayenda kupita kutenti. Ndinawapeza atagona chagada, bondo litakulungidwa, mendulo ili pachifuwa, zala zawo zikuwerenga zilembo zake. Nkhope yachimwemwe imeneyo ndinali ndisanaione chichokereni amuna awo. Anamva mapazi anga n'kutembenuka.

"Annette, time?"

Ndinayang'ana wotchi yanga. "Three forty-one, ba sisi." Zimenezo zinali zoona.

"So tapita?"

Ndinachita mantha. Palibe dzina lina limene ndingazipatse. Ndinaona kuti ndikatsegula pakamwa ndi zoona, nkhope imeneyo izima pomwepo, ndipo wozimitsa ndikhala ine.

"Mwapita," ndinatero.

Ndinadziuza kuti ndiwauza akadya. Atadya ndinati akapuma kaye. Foni yawo ndi yolankhula, imawawerengera mauthenga onse, koma ku Botswana sinkagwira, ndiye inali m'chikwama changa. Ndinaizimitsa. Yanga, imene inkagwira, inali itayamba kale kunjenjemera ndi dzina la a Wilbroad, amene anaona zotsatira pa intaneti, ndipo nayonso ndinaitseka pakamwa.

M'basi yobwerera munadzaza amayi a geni ochokera kokaoda mabulangete ndi nsapato. A Imelda, amene nthawi zambiri salankhula ndi anthu osawadziwa, anauza mayi wa mpando woyandikana nafe, ndipo pofika ku Francistown basi yonse inali itadziwa. Mendulo inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa woyendetsa. Wina anawapatsa maapozi, wina botolo la mafuta opaka pabondo. Bambo wina wa Baibulo lalikulu anaimirira n'kupemphera kuti ndege imene idzawanyamule idzafike bwino. Amayi aja anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi n'kulowetsamo dzina la Imelda, iwo akuvina ndi mapewa, bondo lili pachikwama. Ine ndinkawomba nawo m'manja.

Ndinati ndiwauza ku Nata. Ku Nata anali akuseka. Ndinati pamalire, anthu akatsika. Zengerezu adalinda kwawukwawu: titangowoloka mlatho kulowa m'Zambia anapempha foni yawo, ndipo ine ndinati batire yatha. Anati ndiimbire a Wilbroad pa yanga, ndinati sakuyankha. Bodza limodzi linkabala linzake, ndipo lililonse linkatuluka mosavuta kuposa loyamba, zimene zinandinyansa kwambiri.

Titadutsa Choma anandigwira bondo.

"Nibelengele ma results. Nifuna kumvela mwamene balembela."

Ndinatulutsa foni. Sindinaiyatse. Ndinayendetsa chala pagalasi lakuda kuti amve ngati ndikufufuza, kenako ndinawerenga ndi mawu a muulutsi wa pawailesi: Imelda Njobvu, Zambia, maola atatu, mphindi 41, masekondi asanu ndi anayi. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Mnyamata wa mpando wa kuseri ankaona foni yozimayo, ndipo anandiyang'ana n'kuyang'ana kumbali.

Tinafika mu Lusaka Lachiwiri masana. Pamasitepe a kufulati tinakumana ndi a Vivian, oyandikana nafe nyumba, ndipo a Imelda anawaonetsa mendulo asanapereke ndi moni womwe. A Vivian analulutira n'kunena kuti Lamlungu akauza abambo mfumu alengeze kuguwa. Ndinatsegula chitseko. Ndinali nditakonza mawu anga onse kuchokera ku Kafue, ndipo ndinati ndingoika madzi a tiyi pamoto, tikhale pansi, ndinene.

Ndili kukhitchini, iwo anapisa m'chikwama changa, monga amachitira nthawi zonse, n'kupeza foni yawo. M'nyumba mwathu safuna maso a munthu. Ndinamva kaphokoso ka foni ikuyaka, kenako mawu a mayi wa m'fonimo akunena okha kuti batire ndi yodzaza.

Ndinatuluka ndi ketulo m'manja. Anali atakhala pampando wa pafupi ndi windo, foni ili pakhutu.

"Battery ili full, Annette," anatero motsitsa.

Mauthenga anayamba kulowa motsatizana. Iwo amamvetsera foni yawo mothamanga kwambiri, moti ine sindigwirapo liwu, koma tsiku limenelo anaichepetsa liwiro n'kuikweza mawu kuti ndimve nawo. Anthu a m'kalabu ankapepesa. Wina anati asataye mtima. Kenako panabwera mawu a a Wilbroad enieni, otsika ngati si iwo, akuti aona zotsatira, akuti akhala akuimba osayankhidwa, akuti asamukalipire kwambiri Annette chifukwa zimachitika.

A Imelda anazimitsa foni n'kuiika pamwendo. Anavula mendulo pang'onopang'ono, kuikulunga ndi riboni yake, n'kuiika patebulo.

"Unaziba liti?"

"Pamene munali mu tent."

"So pamene n'nakufunsa, wenze uziba kudala."

"Ee." Ndinaika ketulo pansi. "Ba sisi, mwendo unapita weka. Penze mat yopindika, n'naona monga ni step, n'nayopa kuti muzagwa monga paja pa..."

"Sinikamba va mwendo. Mwendo niuziba. Uja mwendo ndiye wanisunga six years, ningaukalipile bwanji? Sembe unaniuza mu tent muja, sembe tinalila tonse, tabwela. Nikamba va kamwa."

Ndikanakonda akanakuwa. Kukuwa ndimakudziwa, ndikanabweza, tikanatopa tonse n'kugona. Koma ankalankhula ngati akuwerenga mndandanda wa zogula.

"Mu bus muja bantu benze kuniimbila, ine nivina. Iwe wenze kuniyangana pamenso, uziba. Unanibelengela na ma results. Wenze kubelenga pati?"

"Foni yenze yozima."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa tomato.

"Bantu bambili bamaninamiza, Annette, chifukwa ni easy. Bamuna banga bananinamiza chaka yonse mu nyumba yanga, mukazi uja anankalapo na pa mupando wanga ine nilipo. Nenze kukamba ati olo ziko yonse iname, ine nili na menso kuli mufana wanga." Anatembenuzira nkhope kwa ine. "Njovu zija zenzeko?"

"Zenzeko, ba sisi. Five. Na kamwana."

"Nizaziba bwanji?"

Apa m'pamene ndinalira. Iwo sanalire. Anadzuka, anatsata khoma ndi dzanja mpaka kuchipinda kwawo, n'kutseka chitseko bwinobwino osamenyetsa. Madzi a tiyi aja anatsala osawira m'ketulo momwemo pansi.

M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa a Vivian kukawauza kuti asapite kwa abambo mfumu. A Wilbroad anayesetsa. Analemba kalata, anapita kubungwe kuja kawiri atavala jekete, koma anawauza kuti popanda nthawi yolembedwa palibe chimene angachite. Bondo linatupa milungu itatu, Meyi n'kutha. Malo aja anapatsidwa mtsikana wa ku Ndola, ndipo dzina lake tinalimva pawailesi tikudya. Ndinadzuka kuti ndizimitse, a Imelda anati ndisiye, mwanayo wathamanga bwino. Lamlungu lotsatira dzina lawo linawerengedwa pa odwala monga mwa nthawi zonse, ndipo dzanja lawo linali pamwendo pawo, silinafune langa.

Anthu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo n'zoona, sichinaole. Tikukhalabe limodzi. Amandiphikira ndikachedwa kuntchito, amandifunsa ngati kapitawo uja wasiya mwano. Pamasitepe amagwira chigongono changa. Ndinapepesa kangapo mpaka anandiuza kuti ndisiye, anakhululuka kale, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma za kuthamanga sanazitchulenso, ndipo anasiya kundifunsa zinthu. Kale tikakwera minibasi ankafuna kudziwa chilichonse, amene wakwera, chimene chachititsa phokoso, ngati mitengo ya ku Woodlands yayamba maluwa. Tsopano amangokhala, nkhope kutsogolo. Ndikayamba ndekha kufotokoza amamvetsera mwaulemu, ngati mmene munthu amamverera mlendo. Zimandiwawa kuposa mmene ndinganenere, ndipo mtima wanga wapachala uja ulibe woti n'kumukalipira.

Mu Julaye, mwana wa amalume athu anali ndi phwando la kukhitchini, lomulangiza asanakwatiwe, ku Kaunda Square, ndipo tinapita ku City Market kukagula chitenje. Kunali mphepo ya fumbi. Tinalowa mumzere wa nsalu, a Imelda akuyendetsa zala pa zitenje zopachikidwa, kufinya, kununkhiza, mpaka anaima pa chimodzi cholimba bwino.

"Ichi ni colour bwanji?" anafunsa.

Inali nthawi yoyamba m'miyezi iwiri kundipempha kuti ndiwaonere kanthu. Ndinachitambasula chonse n'kuchiyang'ana ngati ndili pamayeso. Ndinawauza kuti ndi chabuluu wakuda, chokhala ndi masamba achikasu akuluakulu ngati a mpendadzuwa, ndi timizere toyera m'mphepete. Ndinawauza kuti chikasucho si chowala kwambiri, n'chofatsa, ndipo chigwirizana ndi bulauzi yawo yoyera ija. Sindinawonjezere kanthu, sindinachotse kanthu.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu a mayi wogulitsa.

"Amai, ichi chitenge ni colour bwanji?"

Mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana iwo.

"Si bakuuzani ba sister banu? Ni blue na yellow, na tuma line twa white."

"Zikomo. Nipaseni chamene ichi."

Mayiyo anayamba kupinda nsaluyo. Zimene ananena zinali zomwe ndinanena ine, koma a Imelda anayamba kumwetulira atazimva kwa iye.